Kusankha Injini Yoyenera Boti Lanu: Malangizo kwa Mabanja a Asodzi

Banja likamafika poganiza zogula injini ya boti, limakhala litasunga ndalama kwa nthawi yaitali, kapena lagulitsa ziweto, kapenanso latenga ngongole ku banki m'khonde. Kupatula nyumba ndi boti lenilenilo, pakhomo pa msodzi palibe katundu wina wodula kuposa ameneyu. N'chifukwa chake nkhaniyi si ya abambo okha. Amayi amene amayanika usipa pathandala n'kukaugulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe ndiwo amadziwa bwino ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo m'madoko ambiri alipo amayi amene ali ndi maboti ndi zilimira zawozawo. Khalani pansi nonse, muwerenge kabuku kano limodzi.

Mtengo wa injini mumalipira kamodzi, koma petulo mumagula tsiku lililonse limene boti lalowa m'madzi. Asodzi ambiri amayang'ana mtengo wa m'sitolo ndi kukula kwa injini ya mnzawo wa padoko, n'kuiwala kuti chimene chidzadye phindu lawo kwa zaka zikubwerazo ndi mafuta ndi masipeya.

Yambani ndi kuyeza boti

Musanapite kukafunsa mitengo, tengani tepi ndi kope mupite kudoko. Lembani kutalika kwa boti, kutalika kwa thabwa lakumbuyo pamene injini imamangidwa, katundu amene boti limanyamula, ndi mtunda umene mumayenda kuchoka padoko kukafika komwe mumaponya ukonde.

Powerengera katundu, musaganize za boti lopanda kanthu limene likupuma pamchenga masana. Ganizani za usiku umene nsomba zaphedwa bwino: alovi (ogwira ntchito pa boti) onse akwera, ukonde ndi wonyowa, muli nyali, zigubu za mafuta, nsomba zodzaza, komanso madzi olowera m'ming'alu ya matabwa. Boti la chilimira limayenda ndi anthu 9 kapena 10, ndipo limakoka kapena kunyamula mabwato ake. Msodzi wa matchera amayenda ndi mnzake mmodzi kapena awiri. Anthu awiriwa sangafune injini yofanana, ngakhale maboti awo atakhomedwa ndi mmisiri mmodzi.

Bwato logoba lisiyeni ndi nkhafi zake. Ndi lopapatiza, lilibe thabwa lolimba lomangapo injini, ndipo silichedwa kugubuduka.

Mphamvu ya injini

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, choncho tiyeni tichedwepo.

Maboti ambiri a matabwa a pa Nyanja ya Malawi ndi Nyanja ya Malombe ndi olemera, ndipo amayenda mong'amba madzi. Sathamanga pamwamba pa madzi monga maboti opepuka onyamula alendo ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear. Boti long'amba madzi lili ndi malire a liwiro, ndipo malirewo amachokera pa kutalika kwake. Boti la mamita 8 limafika pa makilomita 12 kapena 13 pa ola. Mukawonjezera moto kupitirira pamenepo, muone chimene chimachitika: mphuno ya boti imadzuka, kumbuyo kumatsika, funde lalikulu limatukuka m'mbuyo mwanu, injini imalira kwambiri, koma liwiro limangowonjezekera pang'ono. Petulo amene mwawonjezerayo akuthera pokankha funde. Bungwe la FAO linatulutsa buku mu 2012 lonena za kusunga mafuta pa maboti aang'ono a usodzi, ndipo njira imene likutsindika kwambiri ndi kuchepetsa liwiro.

Mphamvu ya injini imayezedwa mu hosipawa. Injini zimene zimaoneka kwambiri m'madoko athu ndi za hosipawa 15, 25 ndi 40, ndipo zilipo zing'onozing'ono za 8 ndi 9.9. Injini yosakaniza petulo ndi oyilo ya hosipawa 15, mukaitsegula moto wonse, imamwa malita pafupifupi 7 pa ola. Ya 25 imamwa pafupifupi 11. Ya 40 imamwa pafupifupi 20.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti injini imayenda maola awiri usiku uliwonse, kupita ndi kubwera, ndipo mumalowa m'madzi masiku 20 pa mwezi chifukwa usodzi wa nyali wa kauni suyenda mwezi ukamawala. Amenewo ndi maola 40. Pa moto wonse, ya 15 imwa malita 280, ya 40 imwa malita 800. Kusiyana kwake ndi malita 520, kapena kuti zigubu 26 za malita 20, mwezi umodzi wokha. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero, ndiye muyerekeze ndi mabigiri a usipa amene muyenera kupha kuti ndalama imeneyo ibwerere. N'zoona kuti ya 40 mukamaiyendetsa pa theka la moto imamwa mocheperapo, komabe kawirikawiri pa boti lomwelo ndi liwiro lomwelo imamwa kuposa injini yaing'ono yokwanira bwino. Komanso injini yosakaniza oyilo ikamayenda pang'onopang'ono nthawi zonse, mapulagi ake sachedwa kuda. Ndipo kunena zoona, wachinyamata amene wagwira chiwongolero cha injini yaikulu ndi wovuta kumuuza kuti asatsegule moto wonse.

Kumbukiraninso kuti pa chilimira ndalama ya mafuta imachotsedwa kaye, kenako yotsalayo ndi imene mwini ndi alovi amagawana. Injini yakumwa kwambiri imachepetsa gawo la aliyense, ndipo alovi abwino sakhalitsa pa boti limene gawo lake n'lochepa.

Izi sizikutanthauza kuti muthamangire injini yaing'ono kwambiri. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu, ndipo kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti mwera umautsa mafunde oopsa. M'nyengo ya mvula kumabweranso mpoto ndi namondwe wadzidzidzi. Boti lodzaza likakumana ndi mphepo yotere, limafuna mphamvu yoti mphuno yake ikhale yoyang'ana mafunde. Injini ikalephera kutero, boti limatembenukira cham'mbali ndipo madzi amalowa. Muyeso wabwino ndi uwu: injini iyendetse boti lodzaza pa liwiro lake labwino moto uli pa magawo atatu mwa anayi, gawo lotsalalo likhale losungira nthawi ya mavuto. Kwa boti la matchera kapena la mbedza la anthu awiri kapena atatu, loyenda pafupi ndi gombe, ya 8 mpaka 15 imakwana. Boti la chilimira lapakati limayenda bwino ndi ya 15 kapena 25. Ya 40 ndi ya boti lalikulu, lolemera, lopita kutali kapena lonyamula anthu ndi katundu. Ngati boti lanu ndi la faiba, yang'anani kachitsulo kamene opanga amakhoma chakumbuyo: pamalembedwa hosipawa imene simuyenera kupitirira.

Safunsa anadya phula. Pemphani mnzanu amene ali ndi injini ya mphamvu imene mukuiganizirayo kuti muimange pa boti lanu tsiku limodzi, mafuta mugule ndinu. Kwezani anthu ndi ukonde monga mwa masiku onse, ndipo muyeze malita amene atha pa ulendo umene mumayenda nthawi zonse. Ngati pali foni yoonetsa liwiro, yerekezani liwiro la pa theka la moto ndi la pa moto wonse. Zimene muone tsiku limenelo zikuuzani zambiri kuposa wogulitsa aliyense.

Yosakaniza oyilo kapena yosasakaniza

Ogulitsa adzakufunsani ngati mukufuna two-stroke kapena four-stroke. Two-stroke ndi ija mumathira oyilo mu petulo. Ndi yopepuka, mtengo wake ndi wotsikirapo, zitsulo zake ndi zochepa, ndipo amakaniko ambiri a m'madoko amatha kuimasula ndi kuimanga pansi pa mtengo. Za mtundu wa Yamaha Enduro, zimene asodzi ambiri amazidziwa, zili m'gulu limeneli. Kuipa kwake n'kwakuti imamwa kwambiri, imafuka utsi, ndipo mafuta ena amatayikira m'madzi osapsa.

Four-stroke ili ndi oyilo wake payekha, monga injini ya galimoto. Imamwa petulo wocheperako ndithu, makamaka mukamayenda pang'onopang'ono, ndipo silira kwambiri. Koma ndi yodula pogula, imafuna kusintha oyilo pa maola 100 aliwonse, ndipo ikavuta imafuna makaniko wophunzira ndi zida zake. Ndi yolemeranso: ya hosipawa 15 imafika makilogalamu pafupifupi 50, pamene two-stroke ya mphamvu yomweyo ili cha m'ma 37. Kulemeraku n'kofunika kukuganizira, chifukwa ambiri amachotsa injini pa boti n'kukaisunga kunyumba poopa akuba. Two-stroke ya 40 imaposa makilogalamu 70, ndiye kuti pamafunika amuna awiri amphamvu oinyamula m'mawa uliwonse. Chinanso, four-stroke ili ndi mbali yake yoigonekera. Mukaigoneka mbali yolakwika, oyilo amalowa m'masilinda.

Ngati mumayenda maola ambiri ndipo makaniko wodziwa four-stroke ali pafupi, mafuta amene mungapulumutse akhoza kubweza ndalama yowonjezerayo. Ngati doko lanu lili kutali ndi tauni, two-stroke yodziwika bwino idzakupatsani mtendere. Zilipo injini zina zoyamba ndi petulo kenako n'kuyendera palafini. Zimenezo zimathandiza pokhapokha palafini akupezeka mosavuta kwanuko ndipo ndi wotsika mtengo kuposa petulo.

Kutalika kwa mwendo wa injini

Pali anthu amene agula injini yabwino, yamphamvu yoyenera, koma n'kuvutika nayo chifukwa mwendo wake sukugwirizana ndi boti. Yezani thabwa lakumbuyo kuchokera pamwamba, pamene injini imakhala, kufika pansi penipeni pa boti. Ngati ndi masentimita pafupifupi 38, mukufunika ya mwendo waufupi, imene amati short shaft. Ngati ndi pafupifupi 51, mukufunika ya mwendo wautali, long shaft.

Mukaimanga, yang'anani kachitsulo kaphanthiphanthi kamene kali pamwamba penipeni pa pulopela. Kayenera kulingana ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo ndi masentimita awiri okha. Mwendo ukafupika, pulopela imatuluka m'madzi boti likakwera funde, injini imalira mopanda katundu, ndipo imasowa madzi oiziziritsa. Ukatalika kwambiri, umakoka madzi pachabe ndi kugunda pansi. Asodzi a ku Chilwa, ku Malombe ndi mu Shire, komwe madzi ndi osaya ndipo kuli matope, udzu ndi namasupuni, asankhe injini yosavuta kuitukula, ndipo azichotsa zinyalala pa timabowo tolowera madzi pafupipafupi.

Thabwa lakumbuyolo likhale lolimba. Ngati layamba kufumbwa kapena misomali yake yachita dzimbiri, mmisiri alikonze kaye injini isanafike. Mangani injini ndi chingwe kapena tcheni ku boti, kuwonjezera pa zomangira zake, chifukwa zomangirazo zimamasuka ndi kunjenjemera, ndipo pakati pa nyanja injini ikagwa ndiye yapita.

Pulopela

Injini imodzimodziyo ikhoza kuvekedwa mapulopela osiyana. Pa pulopela pamadindidwa manambala awiri: yoyamba ndi kukula kwake, yachiwiri ndi kupendekeka kwa mapiko ake. Boti lolemera limafuna nambala yachiwiriyo ikhale yotsika, kuti injini izizungulira momasuka ndi kukankha katundu. Mukaika pulopela ya boti lopepuka pa boti la chilimira, injini imabanika, imamwa kwambiri ndipo imatha msanga. Muuzeni wogulitsa kuti boti lanu ndi la matabwa, lonyamula katundu, ndipo mumufunse ngati pulopela imene yabwera ndi injiniyo ndi ya ntchito imeneyo.

Masipeya ndi makaniko

Mitundu ya injini ilipo yambiri: Yamaha, Suzuki, Tohatsu, Mercury, Honda, ndi zina zochokera ku China zotsika mtengo. Funso lofunika si lakuti yabwino kwambiri ndi iti pa dziko lonse, koma lakuti ikafa Lachiwiri usiku, kodi Lachinayi ikhala italowanso m'madzi? Yendani padoko muwerenge mitundu imene anzanu ali nayo. Pitani kwa makaniko amene mudzamudalire, mumufunse injini zimene amazidziwa ndi kumene amagula zitsulo zake. Funsani mtengo wa pulagi, wa kalabala kopopa madzi kamene amati impela, wa pulopela, wa maring'i a pisitoni ndi wa zokonzera kabuleta. Injini yotsika mtengo imene chitsulo chake chimachita kuitanitsidwa kunja ikhoza kukhala pakhonde mwezi wathunthu usipa ukuphedwa, ngongole ikukula.

Pogula yatsopano, tengani lisiti lolembedwa nambala ya injini, kabuku ka malangizo, ndi kalata ya galanti. Pa ndalama zimene mwakonza, siyaniko zina za mafuta ndi oyilo a mwezi woyamba. Katapila mupeweni, chifukwa mwera ukhoza kukukhazikani pamtunda masiku angapo, chiwongoladzanja chikuchuluka.

Mukafuna yogwiritsidwa kale ntchito

Injini yakale yosamalidwa bwino ikhoza kukutumikirani zaka, koma musagule ndi maso okha, ndipo penti watsopano asakukopeni. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Pemphani kuti muipeze isanalizidwe tsiku limenelo. Igwireni ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotopa imavuta kulira ikazizira koma ikatentha imabisa matenda ake. Makaniko ayeze mphamvu ya mpweya m'masilinda. Ngati silinda imodzi yatsika kwambiri poyerekeza ndi inzake, mkatimo mwatha. Amasule kabawuti ka pansi pa giya kuti oyilo adonthe pang'ono pachala. Oyilo wabwino ndi woonekera mkati kapena woderako. Akaoneka ngati mkaka, madzi akulowa, ndipo mukaona tizitsulo tonyezimira, magiya akudyana. Zungulizani pulopela ndi dzanja muone ngati mtanda wake ndi wokhota. Injini ikalira, yang'anani kamkodzo ka madzi kamene kamatuluka chakumbuyo: kayenera kutuluka mwamphamvu ndi mosadukiza. Musalole kuti aliyense aiyatse pamtunda popanda madzi, ngakhale kwa kanthawi kochepa, chifukwa impela imapsa nthawi yomweyo. Iyesedwe mu mgolo wa madzi, kenako pa boti lonyamula katundu.

Yang'anani nambala ya injini. Ngati yafufutidwa kapena kachitsulo kake kachotsedwa, isiyeni, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Injini zimabedwa m'madoko, ndipo wopezeka nayo ndi amene amayankha mlandu. Mgwirizano ulembedwe papepala pamaso pa mboni, monga a komiti ya padoko ya BVC kapena amfumu.

Kusakaniza mafuta ndi masiku oyamba

Injini zambiri za two-stroke za ntchito ya usodzi zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo. Ndiye kuti mamililita 20 pa lita imodzi, mamililita 400 pa chigubu cha malita 20, ndi theka la lita pa thanki ya malita 25. Injini yatsopano, pa maola 10 oyamba, kawirikawiri imafuna oyilo wowirikiza kawiri ndipo siyenera kuthamangitsidwa pa moto wonse kwa nthawi yaitali. Tsatirani zimene kabuku ka injini yanu kakunena, chifukwa mitundu ina muyeso wake ndi wosiyana. Gulani oyilo wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3 pa botolo. Oyilo wa galimoto, makamaka wakuda wochotsedwa m'galimoto, amatseka maring'i ndi kupha injini. Pezani kabotolo koyezera, mukadule chizindikiro pa muyeso woyenera, ndipo aliyense wothira mafuta azigwiritsa ntchito komweko. Kuyeza ndi maso usiku, pa kuwala kwa tochi, kwapha injini zambiri.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, choncho petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amagwira madzi. Musasunge mafuta osakaniza kale kwa milungu yambiri. Pa nthawi imene mafuta asowa ndipo mukugula kwa ogulitsa m'zigubu, thirani pang'ono mu botolo loonekera mkati, mudikire kamphindi: ngati muli madzi, akhazikika pansi. Sefani mafuta nthawi zonse pothira mu thanki. Nyengo yotseka nyanja ikafika ndipo injini ikukapuma, chotsani petulo yense mu kabuleta, sinthani oyilo wa giya, ndipo muisunge choimirira pamalo ouma.

Chitetezo ndi malamulo

Injini imakufikitsani kutali kumene nkhafi sizikanakufikitsani, ndipo ikafera komweko kubwerera n'kovuta. Nkhafi zisachoke m'boti. Mukhalenso nangula ndi chingwe chachitali, chokapira madzi, tochi, mapulagi awiri apadera ndi sipanala yake, chingwe cholizira chapadera, ndi majekete oyandamitsa okwanira munthu aliyense. Foni ikhale mu pulasitiki yomanga bwino. Mafuta muwagawe patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, ndi gawo losakhudza. Injini zambiri zimabwera ndi kachingwe kofiira kamene woyendetsa amamanga padzanja kapena pamwendo kuti akagwera m'madzi injini izime yokha. Kachingwe kameneka kazivalidwa, chifukwa boti lopanda woyendetsa limazungulira ndipo pulopela imatema munthu. Fodya ndi nyali zamoto zitalikirane ndi zigubu za petulo. Mverani machenjezo a mwera amene nthambi yoona za nyengo imaulutsa pa wailesi, ndipo akachenjeza, khalani pamtunda ngakhale injini yanu ikhale yatsopano.

Boti la injini limayenera kulembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, ndipo zida zophera nsomba zimafuna chiphaso cha nthambi ya za usodzi. Alangizi a za usodzi, amene ambiri a iwo anaphunzira ku koleji ya usodzi ya ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, angakuthandizeni pa zonsezi komanso pa kusankha injini.

Tengani kope lija mwalembamo miyeso ya boti, katundu ndi malita a mwezi umodzi, mupite nalo kwa mlangizi wa za usodzi wa dera lanu ndi kwa makaniko wanu. Musapereke ndalama kwa wogulitsa aliyense musanaone injini ya mphamvu imeneyo ikuyendetsa boti lanu litadzaza.